A Gilbert ndi Mwana Wawo Wopanda Nambala

Ine ndi a Gilbert tinali akamwini m'mudzi umodzi, kumunsi kwa msewu wa Mtakataka, chakumadambo kumene amalima mpunga. Iwo anabwera kale, ine ndinachita kuwapeza. Kwawo ndi kumtunda, ku Bembeke, kumene kumazizira mpaka mano kuguguda, koma anatsikira kuno ali mnyamata kudzakwatira a Fainesi, ndipo imvi zinawamerera kuno kotentha. Ine ndine Gerald, ndimakonza njinga pansi pa mtengo wa bwemba pafupi ndi siteji, ndipo khomo langa linayang'anana ndi lawo.

Ntchito yawo inali ya ngolo. Ng'ombe ziwirizo ndi ngolo yomwe zinali za kuchikazi, iwo chawo chinali chikwapu basi, chimenenso sankamenyera ng'ombe koma kuingitsira ntchentche. Ankatuta mpunga kuchokera kusikimu kupita kuchigayo, ankatuta njerwa, mchenga, nthawi zina wodwala. Anali munthu wouma pakamwa. Mukawapatsa moni ankayankha moniwo n'kuthera pomwepo, koma ng'ombe ankacheza nazo ulendo wonse wa ku Golomoti, kuziuza za mvula ndi za anthu amene awakhumudwitsa. Ine ndinkawaseka kuti, "Akulu, inu tsiku lanu likadzakwana adzakulireni ndi ng'ombe." Iwo ankangoti, "Zikhoza kulira bwino kuposa inu."

Amene simunakhalepo pachikamwini simungamvetse. Umamanga nyumba pamalo a eni, kulima munda wa eni, kubereka ana a eni. Pankhani zapamudzi umakhala kumbuyo, ukafunsidwa umati, "Monga anenera alamu." Ine pakamwa panga sipatsekeka, n'chifukwa chake akuchikazi kwanga ananditcha wailesi. A Gilbert ndiye anali mkamwini amene apongozi amachita kumupempherera. Zaka zonsezo sanakwezepo mawu pamaso pa a Bernard, mlongo wawo wa a Fainesi, amene ndiwo mwinimbumba, woyang'anira alongo awo ndi ana a alongo awowo. A Bernard akati ngolo ipite kumchenga, inkapita kumchenga, ngakhale mpunga uli pamtetete mvula ikubwera.

Ana anabereka angapo, koma onse anatsogola ali aang'ono, n'kutsala mmodzi, Mtendere. Mwanayu anakulira pangolo. Ali wamng'ono ankakhala pamatumba a mpunga kumbuyo kwa bambo ake, akuimba nyimbo za kukwaya ya ku Mua, ndipo ndi iye yekha amene ndinamuonapo akuwaseketsa a Gilbert mpaka kuonetsa usinini. Anamaliza Fomu 4, ntchito osaiona. Anagulitsako mandazi pa Golomoti, anasokako zovala kwa telala wina, zonse zosaphula kanthu. Kenako kunabwera mayi wina wovala bwino wochokera ku Lilongwe, akufuna atsikana okagwira ntchito zam'nyumba kumaiko a Aluya. A Bernard anavomera, a Fainesi anavomera akulira, a Gilbert sanafunsidwe.

Asananyamuke, Mtendere anawagulira mayi ake foni yaikulu yapagalasi. Anawaikira Watsapu, anawatsegulira Fesibuku ndi Mesenja wake, n'kuwaphunzitsa podina akafuna kutumiza mawu, poti kulemba a Fainesi kunkawavuta. Anati akangofika aimba.

Sanaimbe. Tinadzamva pambuyo pake kuti atangolowa m'nyumba ya mabwanawo anamulanda pasipoti ndi simu yomwe. Miyezi inadutsa kuli zii. A Fainesi anawonda mpaka chitenje kumazungulira kawiri. Ankabwera kwathu kudzatchajitsa foni pa sola yanga, n'kukhala pakhonde akuiyang'ana ngati ndi mwana wodwala.

Tsiku lina Lachisanu masana foni ija inalira. Sinali Watsapu ayi, anali Mesenja. Wotumizayo dzina lake linali m'zilembo zachiluya, zopotanapotana zija zoyambira kumanja, ndipo chithunzi chake chinali kabakha kachikasu koseweretsa ana. A Fainesi anathamangira nayo kwa ine, akuopa kuti ndi akuba apafoni. Nditadina tinamva munthu akunong'ona.

"Amayi, ndine Mtendere. Ndili moyo. Ndilibe nambala, anandilanda. Iyi ndi thabuleti ya mwana wa abwana. Ndizibwera Lachisanu iwo akapita kukadya kwa abale awo, koma osati Lachisanu lililonse. Ndikamaliza ndimafufuta zonse. Chonde musayambe ndinu kutumiza, muzidikira ndiyambe ine. Ndipo dzina limeneli musapatse munthu. Akangoona uthenga wachilendo, ine ndathera pomwepo."

Kuyambira pamenepo Lachisanu linasanduka Sabata pakhomo paja. A Fainesi kumunda sankapita. Ankagula bandulo m'mawa, kusesa pabwalo ngati kukubwera mlendo, n'kukhala pamkeka foni ili pamiyendo. A Gilbert ankamasula ng'ombe msanga n'kudzakhala pampanda wa ngolo chapatali pang'ono, khutu lili komweko. Masabata ambiri kabakha sikankabwera. Kakabwera, mayi ndi mwana ankapatsana mawu mothamanga, za chakudya, za msana umene unkamupweteka, za amene wakwatiwa ndi amene wathetsa banja. Pomaliza a Fainesi ankati, "Nawa bambo ako." A Gilbert ankayandikira, kutsokomola, n'kunena mawu omwewo nthawi zonse: "Uzipemphera, mwanawe." Basi. Koma tsiku limenelo madzulo ng'ombe zinkauzidwa nkhani yonse.

A Fainesi anatisiya mwezi wa February, nthawi yowokera mpunga. Anagwa m'madzi a m'munda ataweramira mbande. A Gilbert anawanyamula okha, kuwagoneka m'ngolo, ndipo tsiku limenelo ndi lokhalo limene ndinaona chikwapu chija chikugwa pamsana pa ng'ombe. Kuchipatala cha ku Mua anafika ndi mtembo.

Maliro ataikidwa, anthu atayamba kumwazikana, a Bernard anawaitanira a Gilbert pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinatsatira osaitanidwa. Foni ya malemu inali m'thumba la malaya a a Gilbert.

"Alamu," anatero a Bernard, "nkhani ya mwana uja. Asauzidwe."

A Gilbert anayang'ana pansi.

"Ali kwa eni, alibe womugwira akagwa. Mukamuuza lero, mawa timva kuti wadziponya kuchokera panyumba yosanja. Akadzabwera tidzamukhazika pansi ife eni ake, n'kumuperekeza kumanda. Maliro a banja lino amalengeza ndine. Mwamva?"

"Ndamva, alamu."

Ine ndinalephera kupirira. "Nanga akafunsa mayi ake, aziti chiyani?"

"A Gerald, inu munakwatira kubanja lino?"

"Ayi."

"Ndiye khalani monga mwakhaliramo."

Ndinakhala, koma mtima ukuwira. Komabe ndisawanamizire, a Bernard si munthu woipa. Mantha awo anali enieni, ndipo kwathu kuno munthu wakutali sauzidwa imfa mwachindunji, amangomuuza kuti matenda akula, bwerani. Vuto linali loti Mtendere ngakhale atauzidwa kuti bwera, analibe miyendo yobwerera.

Panalinso china. Mkazi akamwalira, mkamwini sakhalitsa pamudzi. Mpunga ukakololedwa amafulula mowa, kumeta kachiwiri, kugawa katundu wa malemu, kenako mwamunayo amamusudzula, ndiko kumumasula kuti abwerere kwawo. Foni ija inali ya malemu, choncho inali katundu wa malemu, ndipo a Bernard anali atanena kale kuti idzapita kwa a Rute, mng'ono wawo wa a Fainesi. A Gilbert anaona kuti akadzakwera galimoto ya ku Bembeke, adzasiya nyumba, ngolo, manda, ndi mawu a mwana wawo omwe.

Anabwera pamene ndimakonzera njinga, n'kukhala pachitsa mpaka makasitomala onse atapita. Anatulutsa foni ya malemu, kenako kafoni kawo kamabatani komanga ndi mphira.

"A Gerald, mwanayu mumusamutse. Mumuchotse umu, mumuike umu."

Ndinayesa. Pa Watsapu ukafuna kupatsa mnzako munthu, umangodina dzina lake n'kutumiza, nambala imafika yokha. Apa ndinadina pakabakha, pambali pake, pansi pake, nambala osaoneka. Ndinasaka mpaka chala kuchita thukuta. Ndinagwira njakata, ndipo tinagwirizana kuti tsiku la msika tipite pa Golomoti kwa a Daisoni, amene amakonza mafoni m'kakontena pafupi ndi pokwerera minibasi.

A Daisoni anaitembenuza foniyo, kudina apa ndi apo, n'kupukusa mutu.

"Bambo, kafoni kanu aka kamadziwa manambala basi. Watsapu nayenso amamudziwa munthu ndi nambala. Koma Mesenja amamudziwa munthu ndi dzina lake la pa Fesibuku, ndipo awiriwa sabwerekana anthu. Mwana wanu alibe nambala. Ndimusamutsa bwanji?"

"Nanga nyimbo mumasamutsa bwanji?" anafunsa a Gilbert.

"Nyimbo ndi katundu, bambo. Uyu ndi munthu, ndipo amadziwa khomo limodzi lokha, la mayi ake."

"Ndiye khomo la mayi akelo litsegulireni mu foni ya a Gerald."

"Zotheka. Pasiwedi ndi chiyani?"

Tinayang'anana. Pasiwedi anaika ndi Mtendere, ndipo anaimangirira ku nambala yake ija imene anamulanda. A Fainesi sanaidziwepo, ankangodina chifukwa zonse zinali zotsegula kale.

A Daisoni anachita chimene akanatha. Anakopera linki ya kabakha kaja n'kuitumiza ku Watsapu wanga. Anati ndikadina pamenepo ndizifika pa dzina lachiluya lija. "Koma samalani," anatero. "Mukalemba kuchokera kwa a Gerald, uthengawo ukafika ngati wa mlendo, ndipo aliyense wogwira thabuletiyo akauona. Njira yabwino ndi imodzi. Mwanayo akabweranso mu foni ya mayi ake, mumuuze asake dzina la a Gerald pa Fesibuku, ayambe yekha kulemba kumeneko."

Dzina langa pa Fesibuku ndi Gerald Wanjinga Mtakataka. Pobwerera a Gilbert analibwereza njira yonse, kuziphunzitsa ng'ombe, mpaka ndinayamba kudana nalo dzina langa lomwe.

Mpunga unatulutsa ngala, unayamba kufiira, kabakha osabwera. Lachisanu lililonse a Gilbert ankasesa pabwalo okha, kuyala mkeka wa malemu, n'kundiitana kuti ndikhale pafupi poti podina sankapadziwa bwino. Tinkakhala amuna awiri akuluakulu kuyang'ana galasi lakuda, nkhuku zikutizungulira. Dzuwa likapendeka ankapinda mkeka. Ine masiku amenewo ndinkamva chisoni chimene sindinachimve ngakhale pamaliro.

Anthu atayamba kumweta, Lachisanu lina foni inalira.

"Amayi, muli bwanji? Ndili ndi nthawi yochepa. Anandisamutsira kwa makolo a abwana, n'chifukwa chake ndinasowa. Mpunga wacha? Ndiyankheni msanga."

Ndinawaikira chala podina. A Bernard tsiku limenelo anali ku Salima. Pabwalo panalibe wina aliyense woti n'kumva.

"Mtendere, ndine bambo ako. Kuno tili bwino. Amayi ako apita kumunda."

Yankho silinachedwe. "Kumunda Lachisanu? Ine ndadikira nthawi yonseyi, iwo n'kupita kumunda? Muwauze kuti ndakwiya nawo." Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wakhumudwadi. "Muwauze ndawasungira nsalu yabwino, koma akapitiriza chonchi ndipatsa amayi aang'ono."

"Nenani, akulu," ndinawanong'oneza. "Dzina lija!"

Anadinanso. "Mwanawe, pano pali a Gerald. Akuti..." Anaima. "Akuti moni."

"Muwapatse moni. Galimoto yabwera, ndapita."

Ndinapsa mtima kwambiri moti ndinaiwala kuti ndikuyankhula ndi munthu wamkulu, wofedwa. "Akulu, mwachita chiyani? Njira yonse ya ku Golomoti munkaloweza chiyani? Ng'ombe zanu zikanatha kunena!"

Anaipukuta foniyo ndi malaya, pang'onopang'ono.

"Ndikanati asiye kulembera mayi ake, akanafunsa chifukwa. Bodza loyamba ndanena, lachiwiri landikanika. Choona nacho si changa kunena."

"Mwana ndi wanu!"

"Ndi wanga pobereka."

Ndinanyamuka n'kupita kukamenya gudumu la njinga limene linalibe vuto lililonse. Ndinawakwiyira a Gilbert, ndinawakwiyira a Bernard, koma pansi pa zonsezo ndinali ndi mantha, chifukwa inenso ndine mkamwini, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kabakha sikanabwerenso mpaka tsiku losudzula. Mowa unaphikidwa, tinameta, zovala za malemu zinachapidwa kumtsinje n'kugawidwa. Itafika nthawi ya foni, a Gilbert anachita chimene sanachitepo. Anapempha. Anagwada pamaso pa a Bernard, chipewa chili m'manja.

"Alamu, ngolo ndasiya, nyumba ndasiya. Ndikupempha foni yokhayi. Muli mwana."

A Bernard sanawakalipire. Anawadzutsa n'kuwakhazika pampando. "Alamu, mwatisungira mlongo wathu bwino, palibe amene angakunenereni choipa. Koma mwanayo akafuna kwawo azipeza kwawo. A Rute ndi mayi akenso. Azidikira Lachisanu monga ankachitira malemu, ndipo mwanayo akabwera, a Gerald akuimbirani." Kunena zoona zinamveka zanzeru, ngakhale ine wailesi ndinasowa chotsutsa.

M'mawa mwake a Gilbert analowa m'khola, anakhalamo kanthawi, n'kutuluka ndi kachikwama kamodzi. Ndinawaperekeza pa njinga mpaka pa Golomoti, pamene anakwera lole yokwera chitunda cha Khwekhwerere. Munthu anabwera kuno ndi mano onse, anabwerera ndi chikwama chimene mwana wasukulu akhoza kunyamula.

Lachinayi lotsatira a Rute anabwera kudzatchajitsa. Ndinaona kuti pagalasi pali chithunzi cha maluwa, pamene kale panali Mtendere atavala yunifolomu ya kwaya. Ndinatsegula. Munalibe Mesenja, munalibe Fesibuku, munalibe chilichonse.

"Mayi, mwaitani foniyi?"

"Ndakaichapitsa pasiteji. Mnyamata wake anati kufulasha."

"Chifukwa chiyani?"

"Iii, a Gerald, mukufunsa ngati mlendo. Zovala za achemwali tinachapa, mbale tinatsuka ndi phulusa, m'nyumba tinazira. Foni yokha ndiigwire ili ndi mawu awo? Ndinangoikhudza chonchi, achemwali n'kuyamba kuyankhula m'nyumba mwanga, 'Mwanawe, wadya?' Ndinaiponyera uko, thupi lonse nyesinyesi. Chinthu cha malemu sichilowa m'nyumba chosayeretsa."

"Nanga Mtendere?"

"Simu ndi yomweyo. Aimba."

Sankadziwa. Akanadziwa bwanji? Kwa iwo foni ndi nambala, monga zakhalira kuyambira kale. Nditawafotokozera kuti mwanayo sankabwera pa nambala, kuti khomo limene ankagogoda latsekeka ndipo kiyi wake ali ndi iye yemweyo kutsidya kwa nyanja zamchere, a Rute anakhala pansi padothi pomwepo, manja pamutu. Ndinathamangira nayo kwa a Daisoni. Anangoiyang'ana n'kundibwezera.

Chimene chinkandisowetsa tulo n'choti kumbali ya Mtendere palibe chinasintha. Dzina la mayi ake linalipobe, chithunzi chawo chinalipobe. Lachisanu akapeza mpata ankatumiza mawu ake, mawuwo ankapita, koma panalibe wowatsegula. Ndipo chomaliza chimene anauzidwa n'choti mayi ake anasankha munda.

A Gilbert ndinawauza pa kafoni kawo kamabatani. Anangoti, "Chabwino," n'kudula.

Anayamba kutsika Khwekhwerere. Ku Bembeke ankakhala kwa mlongo wawo, kulima mbatata ya kachewere m'munda wa eni kachiwiri, ndipo akapeza ya lole ankabwera Lachisanu. Kukhomo lawo lakale sankapita, munali mutalowa mwana wa a Rute. Ankafikira pakhonde panga n'kuti, "Tsegulani." Ndinkadina linki ija, kabakha n'kuonekera. Ankakayang'ana, kufunsa ngati pali chasintha, n'kumwa tiyi, n'kubwerera. Anachita zimenezi maulendo angapo. Anali ataonda, ndipo popeza kunalibe ng'ombe zoti azicheza nazo, ndikuganiza kuti masabata athunthu ankadutsa osatsegula pakamwa.

Mwezi wa October, kutentha kutafika poti mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe, anabwera atavala jekete lawo la kutchalitchi.

"Lero titumiza."

Tsopano ndi ine amene ndinachita mantha. "Akulu, mwanayo anati tisayambe ndife."

"Ndikudziwa."

"Akaona mabwana ake?"

"Ndalingalira zimenezo kumunda, ndalingalira pogona. A Gerald, mwana uja akuganiza kuti mayi ake anamutaya. Akuyankhula yekha ngati wamisala, osayankhidwa. Anamuuza zakumunda ndine."

"A Bernard mwawauza?"

"Anandisudzula. Sindinenso mkamwini wa munthu. Ndatsala bambo wa mwana basi."

Tinadikira kuti dzuwa lifike pamutu, nthawi imene kabakha kankakonda kubwera. Ndinadina linki, kutsegula polembera, n'kuwaikira chala. Anavula chipewa. Anayankhula pang'onopang'ono monga amachitira wopereka uthenga wa maliro, ndipo pa zaka zonse zimene ndinawadziwa sindinawamvepo akunena mawu ambiri chonchi kwa munthu.

"Mtendere, ndine bambo ako. Ngati waima, khala pansi. Amayi ako sanapite kumunda. Anatisiya mwezi wa February, tinawaika pafupi ndi abale ako aja. Sanavutike nthawi yaitali. Sanakutaye, mwanawe, Lachisanu lililonse ankasesa pabwalo chifukwa cha iwe. Tsiku lija ndinakunamiza ine. Foni yawo inafufutidwa, usalemberenso kumeneko. Uzilemba pano, kwa a Gerald. Ndatha ine bambo ako."

Uthenga unapita. Tinakhala. Mkazi wanga anabweretsa madzi akumwa, palibe anawakhudza. Patapita nthawi kabakha kakang'ono kanatsikira pansi pa uthengawo, kusonyeza kuti wina wautsegula. A Gilbert anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka kupweteka.

Kenako yankho linabwera, la mawu. Ndinadina.

Sanali Mtendere. Anali mayi wina, akukalipa m'chiyankhulo chawo, mofulumira, mawu akuthwa. Sitinamve liwu ngakhale limodzi, koma mkwiyo susowa womasulira. Ndipo kumbuyo kwa mawu akewo, chapatali pang'ono ngati m'chipinda china, munthu ankalira. Sikunali kulira kwa munthu womenyedwa ayi. Kunali kulira kwathu kuno, kokoka, kumene amalira amayi akamalowa pasiwa.

"Mayi ine! Mayi wanga ine! Mwandisiyira yani ine!"

Mkazi wanga anatuluka m'khitchini chikho chili m'manja. Sanafunse. Anangokhala pansi n'kulandira kulirako. A Rute anamva ali kwawo, anabwera akuthamanga chitenje chikukwekwereka, nawonso n'kuyamba. Posakhalitsa pabwalo panga panadzaza amayi, ndipo maliro a a Fainesi analiridwa kachiwiri masana dzuwa likuswa mtengo, wotsogolera ali kudziko limene palibe mmodzi wa ife angaliloze pamapu.

Ine ndinayesa kuyankha. Ndinalemba m'Chingerezi changa chothyokathyoka kuti pepani, ndi maliro, mayi ake amwalira. Foni inakana kutumiza. Ndinabwerera pa linki ija. Kabakha kanali katachoka, dzina lachiluya lija litachoka, patangotsala kamutu kotuwa kopanda nkhope. Anali atatitsekera.

A Gilbert anakhala monga amakhalira amuna pamaliro, msana kukhoma, maso kutsogolo, chipewa pabondo. Misozi inkatsika yokha osaipukuta.

"Walira," anatero. "Mayi ake wawalira."

Amayi atatonthola anandiuza kuti ndibwereze uthengawo. Ndinabwereza. Unali waufupi. Mayi uja akukalipa, Mtendere akulira, kenako phokoso ngati chitseko chamenyetsedwa, ndipo kulirako kunadukira pakati pa liwu, kusanathe. Mayi uja ananenanso mawu awiri atatu kuli zii, uthenga n'kutha.

"Bwerezaninso."

Ndinabwereza. Anaika khutu pafoni penipeni, maso atatsinzina.

"A Gerald, inu makutu anu ndi abwino. Pamene padukirapo, wasiya yekha kulira, kapena amusiyitsa?"

Mpaka lero sitikudziwa, chifukwa Mtendere sitinamumvenso.